Mmene mungadziwire sitima yeniyeni imene kasitima ka mwana wanu kanatengera

Pakati pa zidole zimene zimatuluka m'mabelo a kaunjika, kapena zimene achibale amatibweretsera kuchokera ku Johannesburg ndi ku Britain, sipalephera kupezeka kasitima kamoto: kamutu kakuda kapena kobiriwira, kachumuni kutsogolo, mawilo olumikizidwa ndi tindodo m'mbali. Ambirife timangokapereka kwa mwana, iye n'kumakakwekweza pakhonde mpaka mawilo atathothoka. Komatu tisitima tambiri totere sitinangochokera m'mutu mwa munthu wa ku fakitale ya zidole. Anatitengera ku sitima yeniyeni, imene inali ndi nambala yake, chaka chimene inapangidwa ndi njanji imene inkayendamo, ndipo zina mwa sitimazo zikadalipo, zikufukabe utsi mpaka lero. Kuifufuza sitimayo ndi ntchito yoti bambo, mayi kapena agogo angaigwire pamodzi ndi mwana madzulo amodzi, ndipo zida zake n'zopezeka pakhomo: mswachi wakale, sopo, rula ya kusukulu, pepala ndi pensulo. Foni ibwera pamapeto. Mukayamba ndi foni musokonezeka ndi zithunzi zambirimbiri zofanana musanadziwe n'komwe chimene mukufuna.

Yambani n'kukasambitsa, koma mosamala. Mswachi wofewa, madzi ofunda pang'ono ndi sopo n'zokwanira. Parafini, petulo ndi waya wotsukira mapoto zisayandikire n'komwe, chifukwa timanambala ndi timalembo timene mukufuna kuwerenga timakhala topyapyala, tongomata pamwamba pa utoto, ndipo mukangokhula kamodzi mwamphamvu tapita. Ngati ndi ka mabatire kapena ka magetsi musakamize m'madzi, nyowetsani mswachi wokha. Zoyera zimene zimaumirira m'malo oika mabatire zimachoka ndi kansalu konyowetsa ndi viniga. Kakauma, kaikeni patebulo pamalo owala, inu ndi mwanayo muwerame mpaka maso alingane ndi mawilo. Sitima amaizindikira poiyang'ana cham'mbali. Mukaiyang'ana kuchokera pamwamba, monga amachitira mwana akamasewera, zonse zimaoneka zofanana.

Maso athamangira ku utoto ndi ku dzina lolembedwa pambali. Aletseni kaye. Utoto ndi dzina ndi zimene opanga zidole amasintha mosavuta kuti malonda ayende. Kasitima kamodzimodzi amatha kukapaka kofiira chaka chino, kabuluu chaka chamawa. Mawilo ndi kaumbidwe ka thupi sizisinthika wamba, poti kusintha zimenezo n'kupanga chikombole chatsopano. Ndiye umboni woyamba uli pansi.

Mutu wa sitima yamoto umakhala ndi mawilo a magulu atatu. Kutsogolo, pansi pa chumuni, kuli ang'onoang'ono owongolera sitima ikamalowa pokhota. Pakati pali akuluakulu olumikizidwa ndi ndodo zachitsulo, ndipo amenewa ndiwo amakoka. Kumbuyo, pansi pa kachipinda ka dalaivala, kumakhala enanso ang'ono onyamula ng'anjo ya moto. Muuzeni mwana awerenge gulu lililonse mbali imodzi, kenako achulukitse kawiri poti mbali inayo ilinso chimodzimodzi. Akapeza awiri ang'ono kutsogolo, atatu akulu pakati ndi limodzi laling'ono kumbuyo, alembe 4-6-2. Pamene palibe gululo alembe 0. Mawilo a ngolo ya malasha imene imakokedwa pambuyo sawerengedwa. Kawerengedwe aka anakayambitsa ndi Frederick Whyte, injiniya wa kampani ya New York Central, m'chaka cha 1900, ndipo mabuku a sitima a ku Britain, America ndi kum'mwera kwa Africa kuno amatsatabe komweko. Manambala amene mwana walemba papepalawo ndi omwewo amene mudzawapeze m'buku kapena pa intaneti.

Chenjerani ndi tisitima totsika mtengo ta pulasitiki. Tambiri timayendera timawilo tinayi tobisika pansi, pamene mawilo a sitima yeniyeni anangowaumba m'mbali, osazungulira. Werengani oumbawo, obisikawo asiyeni.

Manambalawa akhala atakuuzani kale zambiri. Mawilo okoka akakhala ochepa koma ataliatali, sitimayo inali yothamanga, yonyamula anthu. Akakhala ambiri koma aafupi, inali yokoka katundu wolemera, malasha kapena miyala ya mumigodi, mosathamanga. Mawilo okoka a Flying Scotsman amapitirira pang'ono mamita 2, kutalika kuposa munthu wamkulu ataimirira, pamene a Evening Star, 2-10-0 yokoka katundu imene inali sitima yamoto yomaliza kupangidwa ndi British Railways mu 1960, ndi a mita imodzi ndi theka. Mabanja ena ali ndi maina amene akuthandizeni pofufuza: 4-4-0 amaitcha American, 2-6-0 ndi Mogul, 4-6-2 ndi Pacific, 2-8-2 ndi Mikado, 2-8-4 ndi Berkshire. Mukapeza gulu la mawilo okoka labwerezedwa kawiri pansi pa mgolo umodzi wautali wowiritsira madzi, mwana n'kulemba 4-8-8-4, musavutikenso n'kufufuza banja. Imeneyo ndi Big Boy ya Union Pacific. Kampani ya ALCO inapanga 25 zokha pakati pa 1941 ndi 1944, ndipo ya nambala 4014 anaikonza n'kuibwezera panjanji mu 2019.

Chotsatira, onani kumene sitimayo inkasunga madzi ndi malasha. Ya maulendo ataliatali imakoka ngolo yake pambuyo. Yogwira ntchito pafupi, yosuntha mabogi pasiteshoni, padoko kapena pafakitale, imanyamula zonse pathupi: mathanki awiri amakona anayi m'mbali mwa mgolo wowiritsira madzi, ndi kabokosi ka malasha kumbuyo kwa dalaivala. Yotereyi amaiwonjezera T, monga 0-6-0T. Thanki ikakhala imodzi yokhotera pamwamba pa mgolo, kuufunditsa mbali zonse ziwiri, amalemba ST. Ngolo za malasha zimasowa kawirikawiri mu kaunjika, choncho kusapezeka kwa ngolo si umboni. Yang'anani kumbuyo kwa kachipinda ka dalaivala. Kukakhala kotsegula, kopanda khoma kapena kabokosi ka malasha, ngoloyo inalipo, yangotsalira m'belo lina.

Tsopano dziko limene inachokera, ndipo apa mpamene ana amasangalala kwambiri chifukwa zizindikiro zake n'zoonekeratu.

Tembenuzani kasitimako kakuyang'aneni. Kakakhala ndi timbale tiwiri tozungulira kutsogolo, kamodzi kumanja kena kumanzere, pa thabwa lachitsulo lofiira, ndi ka ku Ulaya. Timbaleto n'timene timagundana mabogi akamalumikizidwa. Sitima za ku Britain zimaoneka zosalala, mapaipi ambiri anawabisa, zilibe belu, ndipo nyali zake ndi zing'onozing'ono. Njanji za kumeneko zinali zotchingidwa ndi mipanda, choncho panalibe chifukwa cha chinyali chachikulu kapena chitsulo chokankhira ng'ombe. Za ku America zili ndi zonsezo: chitsulo chosongoka cha mizeremizere pansi kutsogolo, nyali yaikulu, belu pamwamba pa mgolo, mapaipi ali pamtetete, timbale tija palibe. Thupi lakuda bii koma mawilo ndi zitsulo zonse zapansi zofiira, imeneyo ndi ya ku Germany. Apa utoto mungaukhulupirire, poti sitima za boma za kumeneko zinkapakidwa choncho kuyambira m'ma 1920. Za ku Japan nazo ndi zakuda, zilibe timbale, koma kutsogolo zili ndi kachikwangwani ka nambala kokhala ndi zilembo za mtundu wa golide.

Tisitima tambiri togulitsidwa nyengo ya Khirisimasi, timene timazungulira pa njanji ya pulasitiki tikulira ndi kuwala, ndi ta banja limodzi: 4-4-0 kapena 2-6-0 ya ku America ya m'zaka za m'ma 1860 ndi 1870. Chumuni chake chikufotokozerani chimene inkadya. Chikakhala chopyapyala pansi n'kutambasuka kwambiri pamwamba ngati fanulo yothirira parafini m'botolo, inali ya nkhuni, ndipo m'kati mwa chumunicho munali sefa ya waya yogwira nthethe za moto kuti zisayatse tchire ndi madenga. Chikakhala chowongoka, inali ya malasha. Sitima ziwiri zotchuka zimaonetsa bwino kusiyanaku. Pa 10 May 1869, pamene njanji yochokera kum'mawa kwa America inakumana ndi yochokera kumadzulo ku Promontory Summit m'chigawo cha Utah, zinayang'anizana mphuno ndi mphuno: Jupiter, nambala 60 ya Central Pacific, ya chumuni chotambasuka, ndi nambala 119 ya Union Pacific, ya chumuni chowongoka. Zonse ziwiri anaziphwanya kalekale, koma mu 1979 anapanga zina zofanana nazo zimene zimayenda pamalo omwewo. Mukaona nambala 3 ndi dzina loti General, ndi ya Western and Atlantic Railroad, yopangidwa mu 1855, imene asilikali a kumpoto anaiba pa 12 April 1862 nkhondo yapachiweniweni ya ku America ili m'kati. Lero ili m'nyumba yosungira zakale ku Kennesaw m'chigawo cha Georgia.

Koma tisitima tambiri ta Khirisimasi tilibe mwini. Nambala yake ndi yongopeka, kapena ndi chaka chabe. Tikatero timalekeza pa banja, dziko ndi nyengo, ndipo zimenezo si zochepa. Musakakamize kasitima kuti kakhale Jupiter chifukwa choti mwana akufuna dzina. Muuzeni zoona: ndi ka mtundu wa sitima za nkhuni za ku America, basi.

Nambala ikapezeka, pambali pa kachipinda ka dalaivala kapena kutsogolo, muyenera kudziwa kawerengedwe ka dziko lake. Ku Germany manambala awiri oyamba ndi mtundu wa sitima, otsalawo ndi a sitima imeneyoyo. Oyambira 01 mpaka 19 ndi zothamanga zonyamula anthu, 40 mpaka 59 ndi zokoka katundu, 80 mpaka 96 ndi za mathanki pathupi zokoka katundu ndi kusuntha mabogi, 99 ndi za njanji yopapatiza. Kakang'ono kakuda ka mawilo asanu ndi limodzi ofiira, nambala yoyamba ndi 89, pansi kali ndi kachitsulo kotalika kotsetsereka pakati pa mawilo, ndi ka Märklin, kampani ya ku Göppingen. Inagulitsa tisitima totere tosawerengeka, pamene sitima zenizeni za mtundu umene inatengera zinangopangidwa khumi m'zaka za m'ma 1930. Ku Japan chilembo choyamba chimanena mawilo okoka a mbali imodzi: C ndi atatu, D ndi anayi. D51 ndi 2-8-2 yokoka katundu, ndipo zinapangidwa 1,115 kuyambira 1936 mpaka 1945. Ikupezeka kwambiri mu zidole za Tomy zoyenda pa njanji yabuluu. D51 200 ili ku Kyoto Railway Museum, pamene D51 498 imanyamulabe alendo m'chigawo cha Gunma. Sitimazi zinkayenda pa njanji ya mamilimita 1,067, muyezo womwewo wa njanji ya ku Limbe, ku Kabwe ndi ku Bulawayo.

Za ku Britain ndi zimene tikumana nazo kwambiri, ndiye tikhalepo pang'ono. Kuyambira 1923 njanji za kumeneko zinali m'manja mwa makampani anayi, ndipo zilembo zawo muzipeza pa ngolo ya malasha kapena pa thanki: GWR, LMS, LNER ndi Southern. Mu 1948 boma linaphatikiza onse kukhala British Railways, ndipo manambala anasintha. Za Southern zinalowa m'ma 30000, za LMS zambiri anaziwonjezera 40000, za LNER 60000, za GWR zinasunga manambala awo akale, ndipo zamoto zopangidwa pa mapulani atsopano a boma zinayambira pa 70000. Ndiye nambala ya madijiti asanu yoyamba ndi 6 ikutumizani ku LNER, yoyamba ndi 4 ku LMS. Za GWR n'zosavuta kuzizindikira ngakhale nambala itafufutika: chumuni cha zonyamula anthu chili ndi mkombero wa kopa pamwamba, pakati pa mgolo pali kachisoti kachikasu konyezimira, ndipo mgolowo umanenepa kuchokera kutsogolo kumka kumbuyo.

Taonani mmene zimenezi zimagwirira ntchito pa tisitima tiwiri timene mwana angaganize kuti n'tosiyana. Koyamba n'kobiriwira mowala, pa ngolo palembedwa LNER, nambala 4472. Kachiwiri n'kobiriwira moderako, nambala 60103, chumuni chake n'chotalikira m'litali chifukwa chili ndi mabowo awiri, ndipo m'mbali mwake kutsogolo muli timalata tiwiri toimirira. Mawilo a tonse tiwiri ndi 4-6-2. Imeneyi ndi sitima imodzi, Flying Scotsman, imene Nigel Gresley anaikonzera mapulani ndipo inapangidwa ku Doncaster mu 1923. Koyambako kakuionetsa ili m'manja mwa LNER, nthawi imene inathamanga mamailosi 100 pa ola, kapena kuti makilomita 161, pa 30 November 1934. Kachiwiriko kakuionetsa cha kumapeto kwa ntchito yake, poti timalata tija, timene timakweza utsi kuti usaphimbe maso a dalaivala, anatiika mu 1961. Choncho kasitima sikangonena dzina lokha, kamanenanso zaka za moyo wa sitimayo. Eni ake lero ndi National Railway Museum ya ku York, imene inaigula mu 2004, ndipo imayendabe.

Ku York komweko kuli m'bale wake, amene kwa ine ndi wokongola koposa onse amene mungawapeze m'belo. Ndi 4-6-2 yabuluu, thupi lonse lokutidwa ndi malata osalala, mphuno yotsetsereka mpaka pansi, mawilo ofiira moderako, nambala 4468. Dzina lake ndi Mallard. Pa 3 July 1938 inathamanga mamailosi 126 pa ola, makilomita 203, ndipo palibe sitima yamoto ina imene inalembedwa kuti yaposa pamenepo. Za mtundu wake, A4, zinapangidwa 35, ndiye werengani nambala bwino musanaitche Mallard. Mukapeza yokutidwanso malata koma mphuno yake yobulungira, yokhala ndi mizere yoyambira pamphunopo n'kuyenda m'mbali monse, imeneyo ndi ya LMS, ya mtundu wa Coronation.

Nambala nayo imatha kusocheretsa, ndipo ndi bwino kudziwiratu. Kampani ya Lionel ya ku America inkakonda kulemba pambali pa kasitima nambala ya m'kabuku kake ka malonda. Mukapeza kolemera kachitsulo, kakuda, ka mawilo 20 ndi nambala 671, mudzafufuza 671 mpaka kutopa osapeza sitima. Mawilo ndiwo akupulumutseni: 6-8-6 inalipo imodzi yokha, S2 ya Pennsylvania Railroad, nambala 6200, yopangidwa mu 1944. Nawo mawilo nthawi zina amawachepetsa kuti kasitima kathe kukhota pa njanji yozungulira ya pabalaza. Kampani imene Frank Hornby anayambitsa ku Liverpool, yopanga tisitima ta Hornby, inagulitsa kuyambira 1927 Flying Scotsman yamalata ya mawilo 4-4-2, pamene yeniyeni ndi 4-6-2. N'chifukwa chake umboni umodzi sukwana. Mawilo, kaumbidwe ka thupi ndi nambala zikagwirizana, mwapeza. Ziwiri zikagwirizana chimodzi n'kukana, ganizirani chimene wopanga chidole akanapindula nacho posintha chokanacho. Ndipo musasokoneze nambala ya pambali ndi ya pansi pa mimba. Ya pansi, monga R yotsatana ndi manambala pa za Hornby, ndi ya fakitale ya zidole. Nayo ilembeni, chifukwa imathandiza kupeza kabuku ka malonda kamene kamatchula sitima imene anatengera.

Tiwiri ta Hornby timapezekapezeka. Kakuda ka 0-4-0ST kolembedwa Smokey Joe, nambala 56025, anakatengera ku tisitima tosuntha mabogi ta Caledonian Railway ya ku Scotland. Kena ka 0-4-0T, kamene amakapaka mitundu yonse ndi maina osiyanasiyana, kanachokera ku nambala 101 ya GWR, sitima yongoyesera imene inapangidwa imodzi yokha ku Swindon kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900.

Nanga tija tokhala ndi nkhope kutsogolo? Timenetu ndi timene tadzaza m'makomo, ndipo makolo ambiri amangoti ndi za makatuni. Wolemba nkhani zake, Wilbert Awdry, anali mbusa wa mpingo wa Anglican wodziwa bwino za njanji. Anayamba kuzifotokozera mwana wake Christopher pamene ankadwala chikuku, ndipo buku loyamba linatuluka mu 1945. Pa timeneti mawilo musawadalire kwenikweni, makamaka ta matabwa, poti amawachepetsa. Dalirani utoto ndi nambala, ndipo ta matabwa tambiri dzina amalilemba pansi. Wabuluu wa nambala 1, Thomas, anamutengera ku 0-6-0T za mtundu wa E2 za London, Brighton and South Coast Railway. Zinapangidwa khumi pakati pa 1913 ndi 1916, zina zinamalizira ntchito padoko la Southampton, ndipo pofika 1963 zonse zinali zitaphwanyidwa. N'zomvetsa chisoni kuti sitima yodziwika kwa ana a dziko lonse ilibe m'bale ndi mmodzi yemwe amene anatsala. Gordon, wabuluu wa nambala 4, ndi Pacific ya Gresley, wa banja limodzi ndi Flying Scotsman. Henry, wobiriwira wa nambala 3, ndi 4-6-0 ya LMS yotchedwa Black Five. Toby, wa nambala 7, wa thupi lamatabwa lamakona anayi ndi mawilo obisika, anachokera ku J70, zimene zinkayenda m'mbali mwa misewu ndi m'madoko a kum'mawa kwa England, ndipo mawilo ankawaphimba kuti asakole anthu ndi ziweto. Emily, wa wilo limodzi lalikulu kwambiri mbali iliyonse, ndi 4-2-2 ya Patrick Stirling. Yoyamba inapangidwa mu 1870, wilo lake ndi la mamita pafupifupi 2.5, ndipo ikusungidwabe. Hiro wakuda uja ndi D51 ya ku Japan, Spencer wotuwa ndi A4 ngati Mallard. Percy, wobiriwira wa nambala 6, alibe sitima imodzi imene anatengera, koma ndi wa banja la 0-4-0ST za m'mafakitale ndi m'madoko.

Za m'mafilimu n'zosavuta. Yofiira ya 4-6-0, nambala 5972, ya m'mafilimu a Harry Potter, ndi Olton Hall ya GWR, yopangidwa ku Swindon mu 1937. Kufiirako n'kwa filimu chabe, koma mkombero wa chumuni, kachisoti kachikasu ndi mgolo wonenepa kumbuyo zimaulula kwawo. Yakuda yaikulu ya 2-8-4, nambala 1225, ya The Polar Express, ndi ya Pere Marquette Railway, yopangidwa ku Lima m'chigawo cha Ohio mu 1941, ndipo imayendabe ku Owosso m'chigawo cha Michigan.

Rula ija ntchito yake ndi kuyeza mpata wa pakati pa mawilo a kumanja ndi a kumanzere, kapena pakati pa zitsulo ziwiri za njanji ngati ilipo. Mamilimita 16.5 ndi muyezo wa OO wa ku Britain, wochepetsa sitima ka 76, kapena HO wa maiko ena, wochepetsa ka 87. Mamilimita 9 ndi N, 32 ndi O, 45 ndi G. Kasitima kogwirizana ndi miyezo imeneyi nthawi zambiri anakapangira anthu osamala za kufanana, choncho nambala yake ndi yodalirika kuposa ya kapulasitiki ka mabatire. Kamathanso kukhala ka mtengo wake, ndiye musakasiye pamvula.

Apa ndiye tengani foni. Lembani zimene zili papepala, m'Chingerezi poti mabuku ambiri a sitima ali m'chinenero chimenecho: manambala a mawilo, zilembo za kampani, nambala ya pambali. Ngati nambala palibe, jambulani kasitimako cham'mbali katatsamira khoma loyera, n'kufufuza ndi Google Lens. Zimene zituluke musazilandire msanga. Sankhani chithunzi cha sitima yeniyeni chojambulidwanso cham'mbali, muike foni pafupi ndi chidole, n'kuyenda ndi chala cha mwana kuchokera kutsogolo: chumuni, tinthu totumphuka pamwamba pa mgolo ndi malo ake, mawindo a dalaivala angati, ngolo ya malasha ili ndi mawilo angati. Mwana amene wachita zimenezi kawiri kapena katatu amayamba kuona zimene akuluakulu ambiri saziona, ndipo pa chifukwa chimenechi ndingakulimbikitseni kumusiyira iye ntchito yowerenga, inu muzingofunsa mafunso. Zimene mwapeza zilembeni pa kakatoni, musunge m'bokosi limodzi ndi chidole.

Pali zinthu zitatu zokhudza chitetezo zimene sindingazidumphe. Thiransifoma ya kasitima ka magetsi kochokera ku America ndi ya mavoti 120, ya ku Japan 100, pamene magetsi athu ndi a 230. Mukailumikiza pakhoma mwachindunji ipsa, ndipo itha kuyatsa nyumba. Zidole zakale zamalata zina zinapakidwa utoto wokhala ndi mtovu, choncho zisafike m'kamwa mwa khanda. Ndipo maginito a tisitima ta matabwa akayamba kugwedera, chotsani chidolecho m'manja mwa mwana wamng'ono, chifukwa maginito awiri akamezedwa amakokana m'matumbo n'kuboola.

Luso lowerenga mawiloli likafika poti mwana walizolowera, mupite naye akaliyese pa chitsulo chenicheni. Njanji ya Shire Highlands Railway inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo sitima zamoto zakale zikusungidwa panja pa nyumba ya zakale ku Chichiri. Pakati pake pali Shamrock, yopangidwa ndi kampani ya Bagnall ya ku Stafford, 0-4-0 ya thanki yofunditsa mgolo, ya banja lomwelo la Percy ndi Smokey Joe. A ku Zambia ali ndi nyumba ya zakale za njanji ku Livingstone, a ku Zimbabwe ku Bulawayo. Kumeneko mwana akakumana ndi mtundu umene sapezeka wamba mu zidole, koma umene agogo amene anakagwira ntchito ku Hwange ndi ku Bulawayo amaukumbukira bwino: Garratt, yopangidwa kwambiri ndi Beyer, Peacock ya ku Manchester. Ili ndi thanki ya madzi kutsogolo, malasha kumbuyo, mgolo ukulendewera pakati, ndipo mawilo ake ndi a injini ziwiri zofulatirana kuti ithe kukhota ndi kukwera mitunda pa njanji yopepuka. Amaiwerenga theka ndi theka n'kuika chizindikiro chophatikiza pakati. Ya mtundu wa 15 ya Rhodesia Railways ndi 4-6-4+4-6-4, ya mtundu wa 20 ndi 4-8-2+2-8-4. Zonse ziwiri zili ndi mawilo 28, ndiye kuti mwana azisiyanitse ayenera kuwerenga okoka okhaokha, olumikizidwa ndi ndodo aja: 12 pa yoyambayo, 16 pa yachiwiriyo.